Satuni pa Chingodzi

Kuwala kwa Jupita kumayenda mphindi makumi anayi
kuti kudzagwe pagalasi langa ku Ulongwe.
Ine pano pa Chingodzi ndatha ola ndi theka
osafika ngakhale pa chipilala chachitatu.

Bicha yake yadzipinda ngati bongololo wokhudzidwa,
mutu wake sukuoneka.
Patsogolo panga mkulu wa kumigodi ya ku Moatize
akuvula jombo, sokosi yabooka,
chala chachikulu chikusuzumira anthu.
Kumbuyo mayi wina akumaliza masau m'jumbo,
limodzilimodzi, kuopa kulandidwa.
Fani ya kudenga ikungochotsa kutentha pa uyu
n'kukakuika pa uyo.

Musandiyese wopupuluma.
Masana ndimawerama pa maikulosikopu kuchipatala
kusaka malungo m'dontho la magazi,
usiku ndimapereka khosi kwa nyenyezi.
M'chisanu cha ku Angonia ndakhalapo kuseri kwa khola
mpaka tambala wachiwiri,
zala zitauma gwa, mame akudontha pachipewa,
kudikira kuti mpweya uleke kunjenjemera.
Zithunzi zikwi zisanu pa mphindi ziwiri,
kompyuta n'kupeta, n'kutaya mankhusu,
n'kusanjikiza mazana atatu otsalawo
mpaka mizere iwiri yofiirira itatulukira
pamimba pa dziko la eni.
Kudikira kumeneko kumabala.
Uku n'kukama ng'ombe yamphongo.

"Lamba m'mbale. Wotchi m'mbale. Makobidi."
Buluku ndaligwira ndi dzanja limodzi
ngati mwana wogwidwa m'munda wa nzimbe.
Chikwama chalowa m'kamwa mwa makina,
chabwerera, chalowanso.

Wa yunifolomu, pachifuwa palembedwa Gervazio:
"Mpope uwu ngwachiyani?"
"Woonera kumwamba, bwana."
"Mumaona yani kumwambako?"
"Dzana ndinaona Satuni."
Wabwerera phazi limodzi. "Satana?"
Bicha yonse gwedegwede ndi phwete,
mayi wa masau watsamwa njere.

Watola kagalasi kanga ka m'maso,
malipiro a miyezi itatu,
n'kudindapo chala chamafuta pakati penipeni.
Mtima wanga wagwa ngati mbale yadothi.
Kabotolo kopukutira magalasi, m'bini.
Kasipanala kotalika ngati chala cha khanda,
akuti ndi chida, m'bini.
Ndameza mawu, ndi owawa kuposa kwinini.

Ndatulutsa foni. Ndilibe umboni wina.
Pamdima wa bii pali kanthu ngati njere ya mpunga
katavala chipewa cha mlaza chopendekeka.
Gervazio wakhala duu.
Wakuza chithunzi ndi zala ziwiri,
chala chomwe chija.
"Mwajambula nokha? Kuno kwathu konkuno?"
"Kuseri kwa khola la mbuzi."
"Filomena, tabwera udzaone."
Filomena wasiya makina.
Tsopano bicha yaima zenizeni, woimitsa ndine,
ndipo misonyo ikundilasa kumsana.

"Kumeneko kuli anthu?"
"Ayi, ndi mpweya wokhawokha, poponda palibe."
"Nanga lambayo?"
"Wake ameneyo. Sanamuvulepo munthu."

Waseka, wandibwezera wanga.
Kasipanala ayi. Lamulo ndi lamulo.

Ndege ya ku Maputo akuti yachedwa.
Kenako akuti yachedwanso.
Dzuwa lamira kutsidya kwa Zambezi,
fumbi la malasha lafiiritsa thambo,
ine khale pawindo, mpope uli pamiyendo
ngati mwana wodwala.
Kum'mawa, pamwamba pa Revubwe,
katulukira kadontho kowala.

Wina waima pambali panga, wavula chipewa cha ntchito,
m'manja muli kachikwama kopita nako kunyumba.
Akuloza ndi mlomo.
"Ndi uja?"

Ndayang'anitsitsa. Ndikadakonda kunena inde.
Kakuphethira, kofiira, kenako koyera,
kakutsika.

"Ayi, a Gervazio. Iyo ndi ndege."

Sanachoke. Akuyang'anabe.