Mtima Wobwereka

Zaka zisanu ndi zitatu thirakitala ya bambo
yagona pansi pa mango ku Makeni,
nkhuku zikuikira mazira pampando pake.
Petulo adakwera mtengo, bambo adatsikira kuli chete,
dzimbiri lokha ndilo silidapume.

Lachiwiri Sinoya watulukira ndi injini
yochotsa m'galimoto yonyamula katundu ku Chinika,
yomwa gasi wa m'botolo, ngati wophikira uja.
Mabawuti anayi avomera, awiri akana.
Taboola chitsulo, tawotcherera
mpaka magetsi athima monga mwa masiku onse,
tamalizitsa ndi tochi ya foni, yoluma ndi mano.

Amayi aima patali, manja m'chiuno:
"Mukufuna kundiphulitsira nyumba?"
Sinoya wapaka sopo pamapaipi onse.
Palibe pofufuma thovu.

Ndapotokola kiyi. Yatsokomola kawiri,
kenaka mawu osalala, opanda utsi wakuda.
Si mawu aja ankatidzutsa mbandakucha.
Ndangokhala duu, chiwongolero chikunjenjemera
pomwe padasalala ndi zikhatho za bambo.

Amayi asendera, asisita boneti.
"Ikununkha ngati kukhitchini," atero.
"Kalime, iwe. Mvula sidikira wolira."