Mkono Wogula

Mayi Njobvu anandiponyera buku la mitengo patebulo
Lolemba m'mawa, tiyi asanapole.
"Zelipa, sankha mkono umodzi.
Ngongole ya kubanki sibwera kawiri."

Panja malole a mumsewu wa Mungwi
ankatithira fumbi la Chinika,
ine n'kumatsegula masamba onyezimirawo
ngati nkhoswe yofunira mphwake mbeta.

Woyamba ndi kangaude wolendewera kudenga,
timiyendo titatu towonda,
amatola maswiti zana mphindi isanathe.
Koma ife sitipanga maswiti.
Timawotcherera mafelemu a zitseko.
Kangaudeyo akanathyoka msana dzuwa lisanapendeke.

Wachiwiri amapinda chigongono cham'mbali basi.
Patebulo losalala ndi mphezi,
koma muuze asuzumire kuseri kwa ngodya,
khosi gwa!

Wina amayenda panjanji zakezake,
amafuna malo ngati bwalo la mpira,
pamene m'shedi mwathu wina akayetsemula
wopukuta nkhope ndi mnzake.

Ndinatseka bukulo.
Ndinatenga tepi, n'kukaima kumbuyo kwa a Sakala.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ali pamoto.
Phewa lawo limalira ngati chitseko chosowa girizi,
usiku m'maso mumachita mchenga,
akazi awo n'kumawaika mbatatesi yosenda pazikope.
Ndinawerenga:
chiuno chazungulira, phewa lakwera, chigongono chapinda,
ndiye dzanjalo katatu,
kupotoza, kuweramitsa, kupotozanso.
Zisanu ndi chimodzi.
Kuchokera paphewa kufika pothera msoko, mita ndi theka.
Tochi ndi chingwe chake pasikelo, makilo asanu ndi awiri.

"Ukundiyeza bokosi, mwana iwe?"
Sanavule chigoba kumaso.
Ine ndinayang'ana manambala anga.

Wogulitsa anabwera Lachinayi,
nsapato zake zosadziwa matope a Kanyama.
Ndinamufunsa zomwe buku linameza:
magetsi akathima pakati pa msoko,
mkonowu udzakumbukira pomwe unalekera?
Nanga fumbi la Okutobala likalowa m'mfundo?
Giya ikadyeka, ndidzadikira miyezi ingati,
ndipo mu Lusaka muno ali ndi sipanala yake ndani?
Anayankha awiri.
Enawo anati akafunsa kwa eni ake.

Ndinasankha wa mfundo zisanu ndi imodzi,
wonyamula makilo khumi, kuti uzipuma.
Katundu wofika m'khosi amakalambitsa msanga,
ndinaziona ndi tepi m'manja.

Unafika mvula yoyamba itangogwa,
wachikasu, wonunkha mafuta atsopano,
mbuli yotheratu.
Msoko wake woyamba unali zitosi za nkhuku.
A Sakala anaseka mpaka kutsokomola,
kenaka anandilanda kabokosi ka mabatani
n'kuyamba kuulankhula ngati mwana wa mlongo wawo:
"Apa chedwa.
Apa chitsulo n'chopyapyala, ungopsompsona n'kuthawa.
Iwe, wamva?"

Unamva.
Lero umabwereza msoko wa a Sakala kazanazana,
osasemphanitsa ngakhale ndi tsitsi limodzi,
iwo ali kuseri kwa mpanda wa waya,
chala chili pafupi ndi batani lofiira,
phewa lili phee.

Koma tinali ndi owotcherera anayi.

Msekiwa anapita ku Kafue, kwa apongozi ake.
Limbikani ndimamupeza ku Soweto
akukhoma mbaula za malata pansi pa ambulera.
Amandipatsa moni bwinobwino,
amafunsanso, "Mkamwini wanu uja akudya bwino magetsi?"
Ndimaseka. Ndagula kale mbaula zitatu,
kunyumba ndili ndi sitovu.

Madzulo ndikazimitsa makina,
mkonowo umadzipinda, dzanja pachifuwa,
ngati munthu wopepesa pamaliro.
Ndinasanthula buku lija mpaka chikuto chakumapeto:
kulemera kulimo, kutalika kulimo, liwiro lilimo.
Tsamba la Limbikani mulibe.