Mulu wa Nsapato mu Tsoka

Ndabwera Lachinayi, lero ndi Loweruka,
tulo tikadali pa nthawi ya kwa eni.
Mwatitha wang'amba nsapato ya kusukulu,
ndiye ndalipira kandalama pa mlatho wamatabwa,
ndawoloka Lilongwe, ndalowa mu Tsoka.

Zuze wangotsegula belo.
Wakhuthulira pa chisaka: zachikopa, zansalu, zogoba, zopanda zingwe.
Sankhani mayi, yanu ilimo!
Ine ndangoti njo.
Mawondo andikana.

Sabata yatha, ku Poland, ndinaima chonchi
pamaso pa galasi lalitali ngati kalasi yanga ya Fomu 3.
Kuseri kwake mulu wa nsapato,
ndipo panalibe wokuwa mtengo.
Tinalipo aphunzitsi khumi ndi anayi a mbiri yakale,
aliyense ndi kope lake.
Langa labwerako loyera kuyambira tsamba lachisanu.

Wotiperekeza, mayi Bronia, ankalankhula motsitsa
ngati chipinda chinacho muli wodwala.
Ankawauza, anatero, kuti kumbukirani pamene mwakoleka zovala,
muzipeza mukatha kusamba;
nsapato mangani ziwiriziwiri zingasokonekere.
Ndiye anamangadi.
Mayi wina anawerama
n'kumangira mwana wake mfundo yabwino, yosavuta kumasula.

Dzulo lake tinalowa m'sunagoge wakale.
Mabenchi alipo, mawindo alipo, zilembo pakhoma
zoyenda kuchokera kumanja.
Ndinafunsa kuti mapemphero amayamba nthawi yanji.
Mayi Bronia anayamba andiyang'ana kaye.
M'tauni muno, anati, opemphera sakwananso khumi.

Kumanda kwawo sasiya nkhata, amasiya mwala.
Ine ndinalibe. Ndinapisa m'thumba la jekete
n'kupeza kanjere ka bwemba ka ku Kawale.
Ndinakasiya pa dzina lomwe lilime langa linalephera.
Kaya ndinalakwira mwambo, sindikudziwa.

Njanji ija imathera pa udzu.
Ya ku Kanengo ndimaidziwa, yonyamula katundu wa m'matumba.
Iyi inkanyamula atelala, ophika buledi, anamwino,
makanda oyamwa,
mlandu wawo umodzi: Ayuda.
Mamiliyoni asanu ndi imodzi.
Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikulemba nambalayi pa bolodi,
malikisi awiri pa mayeso.

Mayi, mukugula kapena mukutchinga makasitomala?

Ndatola kakuda, saizi 2, kodyeka chidendene mbali imodzi.
Mwini wake anangokula, ndikudziuza,
ali moyo kwinakwake, akukana kusamba, akulirira switi.
Nanga inzake?
Zuze wapisa mu mulu mpaka m'chigongono,
waipeza, wazimanga pamodzi ndi zingwe zake zomwe.
Ndati masulani.
Wadabwa.
Ndati masulani achimwene, ndinyamula chonchi.

Mu minibasi ndazifumbata, ina dzanja ili, ina ili.
Kondakitala akukangana ndi munthu pa chenji.
Munthuyo walankhula, kalankhulidwe kake kamuulula kwawo.
Wina kumbuyo waponya mawu:
mtundu umenewu, onse ndi akuba.
Basi yonse yaseka.
Ine amene ndinaona galasi lija ndi maso angawa
ndayang'ana pawindo, ndawerenga zikwangwani za mashopu,
pakamwa pali gwa, mpaka pa siteji yanga.

Mwatitha wayesa. Zamukwana.
Wathamanga nazo pakhonde, fumbi kobo,
ndipo phokoso lakelo ndalimvetsera ngati nyimbo ya kutchalitchi.

Lolemba belu lidzalira.
Uwimana, wa desiki yakutsogolo,
amene makolo ake anafika kuno kudzera ku Dzaleka,
adzakweza dzanja asanakhale n'komwe:
Madamu, mwatitengera chiyani ku Ulaya?
Zithunzi ndili nazo m'foni, koma sindizo.
Mwina ndidzayamba ndi minibasi,
ndi mphunzitsi wina amene anakhala chete
kuchokera mu Tsoka mpaka ku Kawale.