Ufa wa Mizu

Mu nazale ya bulugama ku Minas Gerais
Valdirene amadula tinthambi totalika ngati chala,
n'kusiyako masamba awiri okha.
Amaviika podulapo mu ufa wotuwa,
kugogoda pang'ono, poti ukachuluka umawotcha,
kenako n'kutsomeka m'machubu.
Zikwi ziwiri dzuwa lisanapendeke.

Kapitawo amati ufawu umapusitsa nthambi:
imayiwala zoti inakulira m'mwamba,
bala limatupa, n'kuphulika mizu.

Sabata yachitatu amazulako kamodzi kuti aone.
Tiulusi toyera, tonyowa, titagwira dothi kuti gwa.

Iyeyo anachoka ku Piauí pa basi ya usiku
zaka khumi ndi chimodzi zapitazo.
Palibe anamuviika mu kanthu.
Sutikesi ikadali pamwamba pa kabati,
ndipo zipi yake amaipakabe mafuta.