Wolankhula Nambala 17

Ananditenga ku Mufakose, makombi awiri,
mtsikana wamagalasi, Nyengeterai,
nandikhazika m'kachipinda ka payunivesite ku Mount Pleasant
momwe makoma anavala thonje
ndipo ngakhale ntchentche imapempha kaye isanalire.

Akuti, Sekuru Ligomeka, nenani: mtengo.
Ndati, uti? Wankhuni kapena wapamsika?
Akuti yonse.
Ndanena,
ndipo pakompyuta pamera mapiri awiri,
lina lodzuka ngati la kwathu ku Dedza,
lina logona chafufumimba.
Ndiye mawu anga ali ndi msana, ine osadziwa!

Kenaka wandipaka makala ndi mafuta palilime,
walowetsa kagalasi m'kamwa
kuti aone pomwe lilime limaponda.
Zaka makumi anayi ndaphikira anthu ku Avondale,
palibe anasuzumirako m'kamwa muno
kupatula wozula mano wa ku Gomo.

Akuti la wanu akuterereka,
akutsetserekera kwa ra wakuno.
Inu mukuti mlomo, makina akumva muromo.
Ndaseka mpaka singano yagunda pofiira.
Mwanawe, lilime ndi mlendo,
limadya chomwe lapeza.
Ndatsitsa mitengo ya matimati ku Mbare m'Chishona
kuyambira amayi ako ali kumsana,
ndafunsira m'Chishona,
ndipo mkazi wanga ndinamulira m'zilankhulo ziwiri,
chimodzi chitandithera.

Koma pali kamphepo kena komwe makina akola.
Wandibwerezetsa kasanu:
maŵa, maŵa, aŵa, Malaŵi.
Milomo kuyandikana koma osakhudzana,
ngati mkamwini ndi apongozi
akumana pakanjira kothina.
Wavula zam'makutu, wandiyang'ana.
Akuti mwa anthu makumi atatu omwe wajambula,
a ku Mabvuku, a ku Dzivaresekwa,
kamphepoka ndatsala nako ndine.

Sindinadziwe kuti ndimasunga kanthu.
Sutikesi yomwe ndinabwera nayo inadyedwa ndi chiswe,
chitupa chinasanduka fumbi,
adzukulu anga akandiyankha
amayankha ndi milomo yozungulira ngati akuuzira moto.

Papepala sanalembe Ligomeka.
Analemba: Wolankhula 17, mwamuna, mano osakwanira.
Wandipatsa yakombi ndi botolo la madzi.

Pobwerera ndakhala kuzenera,
makala akadali kuseri kwa mano.
Ndanong'oneza pagalasi: maŵa.
Pachita kankhungu kakang'ono ngati chidindo cha chala.
Tisanafike pa Kambuzuma
kauma.
Ndanenanso.