Khadi la Sikelo

Ndinalipeza dzulo pansi pa sutikesi yanu, amayi,
pakati pa duku la Mvano ndi malisiti a madzi,
mutalikulunga m'jumbo ya shuga
kuti chinyontho cha Zomba chisalidye.
Mphemvu zinalawako pakona.
Dzina langa analiphonya, Felesiya anadumpha chilembo,
koma tsiku lobadwa ndi lomwelo.

Pali mzere wa cholembera chabuluu
wokwera pang'onopang'ono ngati msewu wa ku Chawe,
kukhota, kupuma, kukweranso.
Kadontho kalikonse ndi m'mawa umodzi
umene munatseka chitseko ku Sadzi kusanache
nkuwoloka Likangala ine ndili kumsana,
tomato wa tsikulo mutasiyira make Bizwiki
kuti akugulitsireni, ngati angakumbuke.

Kenaka mzere uja ukutsetsereka.
Disembala, Januwale, Febuluwale.
Chaka chanjala chija ine ndimangochimva m'nkhani
koma apa chilipo, m'dzanja la namwino:
abwerenso sabata yamawa.
Simunandiuzepo kuti wailesi inapita, mbaula inapita,
kuti kambale kamodzi ka mtedza
munkakasinja mobisa, nsinjiro za phala langa lokha,
inu nkugonera madeya opanda mchere.
Ndinadzamva kwa azakhali
pa maliro a munthu wina.

Lero Lachitatu, sikelo ku Matawale.
Upile wanga ali lende m'kabudula wa sikelo,
miyendo ikupalasa mphepo,
akukuwa ngati ndamugulitsa.
A zaumoyo, bambo Makwinja, atsinzina diso limodzi,
adikira muvi uleke kunjenjemera,
alemba kadontho pamwamba pa ka mwezi watha.
Ndapuma.
Sindimadziwa kuti ndinagwira mpweya.

Katemera wa chikuku walowa pamkono.
Ine amene ndimadzitcha wolimba mtima
ndatembenukira kuphiri, kuwerenga mitengo ya paini
kuti ndisaone singano.
Inu munkayang'ana kuti, amayi?

Mumandinena kuti ndimamuumira mwana.
Mtsitse, mumatero, msana si sukulu.
Akagwe, akalandidwe chidole, akalire,
adziwe kuti dzikoli lili ndi ana a eni ake.
Ine ndimaopa chimfine cha anzake, zipere,
dothi lolowa m'kamwa ndisanaphethire.
Koma lero, podikira mankhwala anjoka zam'mimba,
mkono utatopa, ndinamutula pasimenti.
Kamnyamata kena ka mphuno zonyowa kanamukwawira,
kanamulanda kapu.
Upile anayang'ana kapu, anayang'ana ine,
milomo inapindika,
kenaka anatulutsa chitumbuwa m'kamwa mwake,
chonyowa ndi malovu, nkukapatsa.
Benchi yonse inafa nako kuseka.
Make mwanayo ndi wa ku Chinamwali, amasoka malaya,
tapatsana manambala.

Pobwerera ndadzera kumsika.
Anyamata akuphiri anali ndi masitiroberi m'timadengu,
aja munkawadutsa mofulumira
nkumati ndi zakudya za azungu, zilibe kukoma,
pomwe maso anu anatsalira pomwepo.
Ndagula kadengu kamodzi osanenerera.

Ndakupezani pakhonde, maondo mutawamanga nsanza,
maondo amene anathera pa zitunda za mzinda uno.
Simunafunse za ine, simunafunse za msika.
Wakwera? Ndi funso lokhalo.
Manambala simuwerenga,
koma chala chanu chatsata mzere wa Upile
osaphonya kadontho,
mpaka pamwamba, nkugogodapo kawiri.

Zikomo ndi mawu aafupi,
timawanenanso popempha njira m'minibasi.
Ndawasiya.
Ndatsuka masitiroberi, ndaika pambale yagalasi ya alendo ija.
Mwadya limodzi, mwachita tsinya,
mwati ndinanena ine, ngowawasa,
nkutenganso lina,
lachitatu mwaluma pakati kugawana ndi Upile.

Makhadi awiri aja ndawaika pamodzi,
lachikasu ndi ukalamba, latsopano lonunkha phala,
m'jumbo yomweyo ya shuga.