Diso Lachitatu

Anakwera pamalata athu ku Chilomoni
Sekeyani, mnyamata wa kampani ya intaneti,
kambale koyera kali m'khwapa,
nakalozetsa ku nsanja ya paphiri la Ndirande.
"Zikangoonana, basi," anatero.

Waya unatsika motsamira khoma,
unalowera pawindo losweka lija
n'kukathera m'kabokosi ka maso anayi.
Kompyuta yanga imanong'oneza kabokosi,
kabokosi n'kuuza kambale,
kambale n'kufuulira phiri.
Za kuseri kwa phiri sindizidziwa,
ndimangolipira mwezi ukatha.

Usiku uno chiperoni chameza nsanja.
Diso lachitatu lafiira psuu.
Kalata yanga yofunsira ntchito ku Limbe
yaima pakhomo, yatchena kale,
koma njira palibe.
Atseka mawa m'mawa.

Ndapukuta kabokosi ndi malaya,
ngati vuto ndi fumbi.